Injini Ikamanjenjemera Galimoto Itaima

Kukolola kukatha, vaneti ya mlimi sipuma. M'mawa imasenza matumba a chimanga kupita nawo kudepoti, masana imanyamula soya kapena mtedza, ndipo usiku mwina ithamangira kuchipatala ndi wodwala. M'nyengo yotereyi ndi mmene vuto limene tikufuna kulongosola limapwetekera kwambiri. Galimoto imayenda bwino lomwe pamsewu, koma ikafika pamphambano pamene msewu wafumbi umalowera mu Great East Road, dalaivala n'kuchotsa phazi pa akisiloleta, injini imayamba kunjenjemera. Kulira kwake kumakwera ndi kutsika ngati kupuma kwa munthu wotopa, ndipo nthawi zina imangozima, katundu ali pamsana, magalimoto ena akubwera.

Zikatero, ambiri a ife timathamangira zinthu ziwiri. Ena timapempha makanika kuti apotoze kasikuluwu kokweza idling, ndiko kulira kwa injini galimoto itaima, phazi lisali pa akisiloleta. Ena timayamba kugula zipangizo mongoyerekeza: lero mapulagi, mawa pampu ya petulo, mkuja kabuleta yathunthu. Ndalama za zokolola zimatha, injini ikadali chinjenjemerere. Komatu kawirikawiri gwero la zonsezi limakhala kapaipi ka labala kamene kang'ambika n'kumalowetsa mpweya pamalo posayenera. Amakanika amalitcha vuto limeneli vacuum leak, koma ife m'nkhani ino tiziti mpweya wolowera pambali. Tikufuna kuti aliyense amene akuphunzira pano, kapena amene anaphunzira kale, athe kulifufuza yekha asanatulutse ngakhale ngwee imodzi.

Mmene injini imapumira

Injini ya petulo ili ngati pampu yokoka mpweya. Pisitoni ikamatsika m'silinda imasiya malo opanda kanthu, ndipo mpweya wakunja umathamangira kukadzaza malowo. Mpweyawo umayamba wadutsa m'sefa yochotsa fumbi, kenako umapyola pa kachitseko kozungulira kamene kamatseguka tikaponda akisiloleta, n'kulowa mu manifold. Manifold ndi chipangizo cha mphandamphanda, chachitsulo kapena chapulasitiki, chimene chimagawira mpweya kumasilinda onse.

Galimoto itaima, kachitseko kaja kamakhala kotseka, kungotsala kampata kakang'ono. Mapisitoni amakokabe, koma mpweya wolowa ndi wochepa, motero mu manifold mumakhala kukoka kwamphamvu, monga mmene zimakhalira tikatseka kukamwa kwa jekeseni ndi chala n'kukoka chogwirira chake. Kukoka kumeneku ndiye vacuum. Opanga magalimoto anakupezera ntchito. Kumathandiza mabuleki kuti asaume poponda, kumayamwa nthunzi ya oyilo yotuluka m'kati mwa injini, ndipo pa injini zakale kumasuntha nthawi imene mapulagi amayatsira moto. N'chifukwa chake pa manifold pamatuluka timapaipi tambiri.

Petulo amayaka bwino akasakanizidwa ndi mpweya pa mulingo woyenera, umene ndi pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kabuleta imapereka petulo molingana ndi mpweya wodutsa m'khosi mwake. Injini za EFI, zimene zilibe kabuleta, zili ndi sensa imene imauza kompyuta ya galimoto za kuchuluka kwa mpweya. Mpweya uliwonse wolowa osadutsa poyezerapo sulandira petulo wake. Msanganizo umasukuluka, ndipo msanganizo wosukuluka umayaka mwa apo ndi apo.

Amene munathirirapo dimba ndi pampu mukulidziwa kale khalidwe la bowo lotere. Paipi yotulutsa madzi ikabooka, timaona madzi akutayika. Koma paipi yokokera madzi m'chitsime ikabooka, palibe chimene chimadontha. Pampu imangoyamwa mpweya n'kufooka. N'chimodzimodzi ndi injini. Bowo la pa manifold silisiya dontho pansi, ndipo n'chifukwa chake limavuta kuliona.

Nanga bwanji vutoli limabisala galimoto ikamathamanga? Kapu imodzi ya madzi sisintha kukoma kwa mgolo wa thobwa, koma ikathiridwa m'chikho chimodzi thobwalo limasukuluka. Pamsewu, kachitseko kamakhala kotseguka, mpweya wolowa ndi wochuluka, ndipo kukoka kwa mu manifold kumachepa, motero wolowera pambali sudziwika. Galimoto ikaima, mpweya woyezedwa ndi wochepa pamene kukoka kuli pachimake, ndipo kabowo kakang'ono kamasokoneza msanganizo wonse.

Zizindikiro

Injini ya petulo ikatentha, idling yake imakhala pakati pa 600 ndi 900 rpm, ndiko kuti imazungulira maulendo amenewo pa mphindi imodzi. Ikangolizidwa m'mawa imayamba ili pamwamba, kupyola 1,000, n'kumatsika pang'onopang'ono pamene ikutentha. Limeneli si vuto. Vuto ndi pamene singano ya pa dashibodi ikana kukhazikika injini itatentha kale.

Pa injini ya kabuleta, monga ya Hilux yakale ya petulo, mpweya wolowera pambali umachititsa kuti injini izilira motsika, movutikira, n'kumazima. Ngati ikhazikika mukakoka choki pang'ono, ndiye kuti msanganizo ngwosukuluka, pakuti choki amachepetsa mpweya n'kuchulukitsa petulo. Pa injini za EFI zimene zili ndi sensa pafupi ndi bokosi la sefa, monga 1NZ-FE ya Toyota, injini imanjenjemera ndipo nyali ya check engine imatha kuyaka. Pa zimene zimayeza kukoka kwa mu manifold, monga 5A-FE ya Corolla yakale, kompyuta imaona ngati mwaponda akisiloleta pang'ono n'kuwonjezera petulo, motero idling imakwera kupyola mulingo, kapena imangokwera ndi kutsika.

Pali zizindikiro zinanso. Pamamveka kaphokoso ka "tsii" ngati ka tayala limene likuphwa. Buleki imauma poponda, kapena kulira kwa injini kumasintha nthawi iliyonse imene mwaponda buleki. Magalimoto ena amavuta kwambiri m'mawa wozizira wa June ndi July n'kukhala bwino akatentha, chifukwa gasiketi youma imafota m'chisanu, ndipo chitsulo chikatentha chimafutukuka n'kutseka mpatawo.

Malo okayikitsa

Poyamba ndi timapaipi ta labala. Kutentha kwa injini ndi kwa dzuwa la October kumatiumitsa, ndipo timang'ambika kumapeto kumene talowa pa chitsulo, kapena popindika. Mabampu a msewu wafumbi amatizula. Galimoto imene imagona pafupi ndi nkhokwe imachezeredwanso ndi makoswe, amene amakonda kufunda kwa injini ndipo amatafuna labala ndi mawaya.

Kachiwiri ndi chipaipi chachikulu cha makwinya chochokera kubokosi la sefa. Chimang'ambika m'kati mwa makwinyawo, makamaka kunsi, ndipo mng'aluwo umatseguka injini ikagwedezeka. Kachitatu ndi vavu ya PCV, imene ili pa chivundikiro cha injini, pamodzi ndi paipi yake, imene imafewa chifukwa cha oyilo. Kachinayi ndi booster ya mabuleki, chitini chachikulu chakuda chozungulira chimene chili kumbuyo kwa injini, mbali ya dalaivala. Paipi yake imatha kung'ambika, ndiponso labala wa m'kati mwake amatha kubooka.

Kenako pali magasiketi: ya pakati pa manifold ndi mutu wa injini, ndi ya pansi pa kabuleta. Pa kabuleta yokalamba, kamtengo kachitsulo kogwira kachitseko kaja kamadya malo ake mpaka kumagwedera, ndipo mpweya umalowera m'mbali mwake. Pa distributor pali kachitini kakang'ono kolumikizidwa ndi kapaipi, ndipo labala wa m'kati mwake nayenso amabooka. Pa injini za EFI, timphete ta labala ta pa ma injector timauma, ndipo vavu ya EGR ikakakamira yotseguka imabwezera utsi mu manifold pa nthawi yosayenera.

Kufufuza mwadongosolo

Tisanayambe, tiimike galimoto panja, pamalo opita mphepo, chifukwa utsi wa injini umapha munthu m'chipinda chotseka. Tikoke handibuleki, giya ikhale pa nyutulo, ndipo matayala tiwatchinge ndi miyala. Malaya olendewera ndi chitenje zitalikirane ndi lamba ndi fani. Tikumbukire kuti fani yamagetsi imayamba yokha kuzungulira popanda chenjezo.

Choyamba, tiyang'ane ndi kugwira, injini ili yozima ndi yozizira. Titsatire kapaipi kalikonse kuchokera pa manifold mpaka kumene kathera, tikukapinda pang'ono ndi zala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kapaipi kooneka bwino pamwamba kamatha kukhala kong'ambika kunsi. Tione ngati pali kamlomo kachitsulo kamene katsala popanda paipi, ndiponso ngati makilampu ali omanga. Magalimoto ambiri ali ndi chithunzi cha njira za timapaipi chomatidwa kunsi kwa boneti.

Chachiwiri, tilize injini n'kumvetsera. Titenge chidutswa cha paipi yothirira chotalika ngati mkono, mbali imodzi tiike kukhutu, inayo tiziyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa magasiketi ndi timapaipi. Pamene pali bowo, kaphokoso kaja kamamveka mokweza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene athamanga pa ntchito imeneyi amapitirira bowo osalimva.

Chachitatu, titsine timapaipi tofewa kamodzikamodzi, pafupi ndi manifold, ndi pulayazi yokulunga kansalu. Ngati injini ikhazikika titatsina kapaipi kena, bowo lili kutsogolo kwa pamene tatsinapo, m'paipimo kapena m'chipangizo chimene paipiyo ikupita. Dziwani kuti potsina paipi ya PCV kulira kwa injini kumatsika pang'ono ngakhale zonse zili bwino. Mapaipi ouma apulasitiki tisawatsine, amathyoka.

Chachinayi, tiwaze madzi. Botolo lopopera, kapena botolo lapulasitiki loboola pa chitsekero, likwanira. Tiwaze pang'ono pamalo amodzi, tidikire, kenako tisunthire pena. Madzi akafika pa bowo amayamwidwa, ndipo kulira kwa injini kumasintha kwa kamphindi. Tipewe kunyowetsa distributor, koyilo, alternator ndi chitsulo chotentha cha ekizozi. Amakanika ambiri amawaza mankhwala otsukira kabuleta, ndipo njirayo imaonetsadi bowo, koma mankhwalawo amayaka msanga. Pafamu, pamene pali udzu wouma ndi zokolola pafupi, madzi ndiwo abwino. Petulo tisawaze konse pa injini yolira.

Chachisanu, tiyese booster. Injini ili yozima, tiponde buleki kangapo mpaka iume. Phazi likadali pomwepo, tilize injini. Ngati booster ili bwino, buleki imalowa pansi pang'ono. Kenako tisiye injini ilire kwa mphindi imodzi, tiizimitse, tidikire pang'ono n'kupondanso. Kuponda koyamba kuyenera kukhala kofewa. Ngati buleki yauma nthawi yomweyo, ndiye kuti kukoka kukuthawa pa booster, pa paipi yake, kapena pa kavavu kake.

Zonsezi zikalephera, pali njira ya utsi imene magaraja ena ali nayo. Amapopera utsi mu manifold injini ili yozima, ndipo utsiwo umatulukira pamene pali bowo, ngakhale la kunsi kumene diso silifika.

Zimene geji ndi kompyuta zimanena

Geji yoyezera kukoka, imene amati vacuum gauge, imalumikizidwa pa kamlomo ka manifold. Mabuku a amakanika amati injini yabwino yotentha imaonetsa pakati pa 17 ndi 21 pa manambala a inHg, singano itakhazikika. Koma manambala amenewa ndi a kumalo otsika ofanana ndi nyanja yaikulu. Pa mamita 300 alionse okwera, geji imatsika ndi pafupifupi 1. Chipata ndi Lusaka zili pamtunda wopyola mamita 1,000, motero kwathu kuno injini yoonetsa pakati pa 14 ndi 18 sitingaiweruze kuti ikudwala. Chofunika kwambiri ndi kayendedwe ka singano. Ikakhala yotsika kwambiri koma yokhazikika, tikayikire mpweya wolowera pambali kapena moto wa mapulagi wochedwa. Ikamagwa ndi kubwerera mobwerezabwereza pa nthawi yofanana, silinda imodzi ili ndi vuto, mwina vavu yopsa. Ikamatsika pang'onopang'ono titaponda akisiloleta pa mulingo umodzi, ekizozi yatsekeka.

Pa magalimoto a EFI, makanika amalumikiza kachipangizo kowerengera pa soketi ya kunsi kwa dashibodi. Nambala ya P0171 imanena kuti msanganizo ngwosukuluka, P0507 imati idling yakwera kupyola mulingo, ndipo P0300 imati masilinda akuphonya kuyaka mwa apo ndi apo. Manambala amenewa amanena chimene kompyuta yaona. Satchula chipangizo choti tigule. Mupempheni makanikayo akuonetseninso fuel trim, ndiwo mulingo wa petulo amene kompyuta ikuwonjezera pofuna kukonza msanganizo. Ngati ili pamwamba pa +10 peresenti galimoto itaima, n'kutsikira kufupi ndi 0 injini ikafika pa 2,500 rpm, umenewo ndi umboni wamphamvu wa mpweya wolowera pambali. Ngati ikukwera pamene injini ikuthamanga, vuto lili kumbali ya petulo kapena pa sensa yakuda ndi fumbi.

Ngati si mpweya

Si kunjenjemera konse kumene kumachokera kubowo. Sefa ya petulo yotsekeka ndi pampu yofooka zimavutitsa kwambiri pamene injini ikufuna mphamvu, monga pokwera zitunda za pafupi ndi mlatho wa Luangwa ndi katundu, pamene bowo limavutitsa galimoto itaima. Petulo wogula m'zigubu amatha kukhala ndi madzi kapena zinyalala zimene zimatseka kabowo ka idling m'kabuleta, ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za mpweya wolowera pambali. Pa EFI, mwaye umaunjikana m'mbali mwa kachitseko kaja ndi m'vavu yoyendetsa idling. Kutsuka kokha kumathetsa vutolo.

Mapulagi nawonso ali ndi umboni. Pulagi yabwino imakhala yofiirira pang'ono kunsonga. Yoyera mbuu imasonyeza msanganizo wosukuluka, yakuda ndi mwaye wouma imasonyeza petulo wochuluka, ndipo yonyowa ndi oyilo imasonyeza kuti injini yatha m'kati. Ngati pulagi imodzi yokha ndiyo yoyera, tikayikire gasiketi ya manifold pa silinda imeneyo. Ndipo ngati singano ya rpm yakhazikika koma galimoto yonse ikugwedezeka, tione malabala amene injini yakhalapo, pakuti akaduka kugwedezeka konse kumafika kumpando.

Dizilo ndi timainjini ta mapampu

Ambiri a inu muli ndi mathirakitala, zigayo ndi mavaneti a dizilo. Injini ya dizilo yakale simayeza mpweya ndi kachitseko monga ya petulo. Imakoka mpweya momasuka, ndipo liwiro lake limadalira dizilo amene wapoperedwa. Motero mu manifold yake mulibe kukoka kwamphamvu. Kukoka kothandiza mabuleki kumachokera ku kapampu kapadera, kamene pa Hilux za injini ya 2L, 3L ndi 5L kali kumbuyo kwa alternator. Paipi yake ikabooka, chizindikiro chachikulu ndi buleki youma.

Dizilo ikamakwera ndi kutsika itaima, mpweya umene tiyenera kuufufuza ndi wolowa m'njira ya mafuta, pakati pa thanki ndi pampu: paipi yong'ambika, mphete ya sefa yosakhala bwino, kapena boliti yosamanga. Tikonze polowerapo, tichotse madzi a pansi pa sefa, kenako tipope ndi kapampu kamanja mpaka dizilo atuluke wopanda thovu. Mapaipi achitsulo opita ku ma injector tisawafufuze ndi dzanja injini ikulira, chifukwa dizilo wa mmenemo ali ndi mphamvu yoboola khungu.

Kainjini ka petulo ka pampu yothirira, monga Honda GX160, kakamakwera ndi kutsika, n'kukhazikika tikatseka choki pakatikati, ndiye kuti msanganizo wake ngwosukuluka. Kawirikawiri kabowo ka petulo m'kabuleta kamakhala katatsekeka chifukwa cha petulo wogonera nyengo yonse ya mvula, kapena gasiketi ya pakati pa kabuleta ndi injini yang'ambika.

Kukonza, ndi kuipa kozengereza

Kapaipi kong'ambika kumapeto tingakadule n'kukalowetsanso ngati kali ndi utali wokwanira, koma ngati kauma konse tigule katsopano ka kukamwa kofanana. Tizichotsa kamodzikamodzi, ndipo tijambule chithunzi ndi foni tisanayambe, pakuti timapaipi tosinthanitsidwa timabala vuto lina. Kumanga ndi tepi kapena malegeni n'kongotifikitsa kunyumba. Poika gasiketi yatsopano, tipale bwino zotsalira za yakale, ndipo maboliti timange pang'onopang'ono kuyambira apakati kumka kumbali. Booster yobooka isakonzedwe mwachigamba. Ipite kwa makanika wodziwa mabuleki, ndipo galimotoyo isanyamule anthu kapena katundu mpaka itakonzedwa. Bowo likatsekedwa, kasikuluwu ka idling, ngati kanapotozedwa kale, kabwezedwe pa mulingo wake injini itatentha.

Kukweza idling popanda kutseka bowo kumangobisa matenda. Mpweya wolowera pambali sudutsa m'sefa, motero umalowa ndi fumbi la mumsewu ndi la m'munda. Fumbilo likasakanikirana ndi oyilo limapala masilinda ndi maring'i tsiku ndi tsiku, mpaka injini iyambe kudya oyilo ndi kufuka utsi. Msanganizo wosukuluka umatenthetsanso mavavu mpaka kuwapsereza. Ndipo injini ikazima pamtsetse, kukoka kumene kunatsala mu booster kumatha tikaponda buleki kamodzi kapena kawiri. Ngati booster ndi yobooka, kumatha nthawi yomweyo. Vaneti yodzaza matumba ndi yolemera kwambiri moti mwendo wokha sungaiimitse msanga.

Motero tikulangiza kuti tsiku lililonse losintha oyilo tizipatula mphindi zochepa zogwira timapaipi tonse, kuyang'ana m'makwinya a chipaipi chachikulu, ndi kuyesa booster monga tafotokozera. Galimoto izigona kutali ndi nkhokwe, ndipo ikakhala masabata osayenda tizitsegula boneti kuona ngati makoswe sanamangemo chisa. M'buku lomwe lija limene timalembamo za mbewu ndi feteleza, tizilembanso tsiku limene tasintha paipi, sefa kapena mapulagi, kuti vuto likadzabwera tidzadziwe poyambira.